Call of Duty isinthe, koma osati zovala zokha



Makolo ambiri simunayigwirepo Call of Duty, koma ana athu akuyidziwa bwino, makamaka ya pafoni yomwe idatuluka mu 2019. Ndi masewera owomberana mfuti a kampani ya ku America ya Activision. Oyamba adatuluka mu 2003, wosewera ankakhala msilikali wa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo kuchokera pamenepo pafupifupi chaka chilichonse pamabwera ena. Okonda masewerawa adagawanika: ena akufuna zatsopano, ena akuti abwerere momwe adalili kale.

Olirira zakalewa ali ndi mfundo. Mu 2016 Infinite Warfare idapititsa nkhondo mumlengalenga, ambiri adanyansidwa nayo, chaka chotsatira kampani idabwereranso ku nkhondo yachiwiri ija. Mu 2023 wosewera ankatha kugula woyimba Nicki Minaj kuti akhale msilikali wake. Uku n'kusintha kwa pamsika. Ya pafoni ndi Warzone umalowa ulere, ndalama amakudyera pa zovala ndi mfuti zokongoletsa, ndipo mwana akaona mnzake wagula, mtima sukhala m'malo. Microsoft idagula Activision Blizzard mu 2023 pamtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni. Ndalama zotere ziyenera kubwerera, ndipo zimachoka m'matumba a osewera.

Koma kale limene akulilirali ndi liti? Ambiri amatanthauza Call of Duty 4: Modern Warfare ya 2007. M'menemo gawo lalikulu la nkhondo likuchitikira m'dziko la Aluya losatchulidwa dzina, mtsogoleri wa adani ndi Khaled Al-Asad, ndipo owomberedwawo amakuwa m'Chiarabu. Taganizani za mwana amene masana wakhala pamadrasa kuphunzira alif, baa, taa, usiku n'kumamva chiyankhulo chomwecho mkamwa mwa munthu amene akuyenera kumupha kuti apambane. Palibe amene wamuuza kuti adane ndi Msilamu mnzake. Khutu lake likungozolowera, usiku ndi usiku. Ngati kusunga zakale ndiko kusunga zimenezi, ine ndili kumbali ya ofuna kusintha.

Ndipo kampaniyi imatha kusintha ikapanikizidwa. Mu 2012 idachotsa kwakanthawi bwalo lotchedwa Favela mu Modern Warfare 2 Asilamu atadandaula kuti mawu a hadith adalembedwa pafelemu ya chithunzi chopachikidwa m'bafa. Mu 2021 masamba a Qur'an adapezeka atamwazikana pansi mu Vanguard. Maulendo onse awiri adapepesa n'kukonza. Chondidabwitsa n'chakuti pakati pa zolakwa ziwirizi padadutsa zaka 9, komabe zinthu zidafika pamsika popanda wina wodziwa kulemera kwa tsamba la Qur'an kuziletsa. Nkhani ya Modern Warfare ya 2019 idayesako pang'ono pobweretsa Farah Karim, mzimayi wotsogolera anthu ake kumenyera ufulu wa dziko lopeka la Urzikstan. Mfuti n'zomwezo, koma wolankhula Chiarabu adakhalako munthu wokhala ndi bambo, mchimwene ndi chifukwa chomenyera nkhondo.

Ophunzira a Fomu 3 akumbukira Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira madhhab ake. Atachoka ku Iraq kupita ku Egypt, komwe adamwalira mu 820, adabwereza ena mwa maganizo ake, n'chifukwa chake mabuku a fiqh amasiyanitsa mawu ake akale ndi atsopano. Sindikufanizira fiqh ndi masewera, astaghfirullah. Ndikungoti ngati Imam wamkulu chotere sadaone ukale wa ganizo ngati umboni woti n'lolondola, malonda a Activision alibe chopatulika choti tiziwopa kuchikhudza.

Kwa makolo ndi akomiti ya mzikiti: kuyambira 2007 masewera akuluakulu a Call of Duty amalembedwa chilembo M ku America, kutanthauza a zaka 17 kupita m'tsogolo. Ophunzira athu ambiri a Fomu 1 ndi 2 sanafike pamenepo. Musanalande foni, khalani pambali pa mwanayo aseweretu mphindi khumi mukuona. Mufunseni kuti amene akumuwomberayo ndi ndani, akulankhula chiyankhulo chanji, ndiponso ndalama ya bandulo yasabata ino idachoka kuti.