Zimene sikelo ya kalaliki siona

Ku Khonjeni wothyola tiyi aliyense amalidziwa lamulo la kapitawo: masamba awiri ndi kansonga, ndipo osatsendera m'dengu. Ukatsendera, masamba amatentha n'kuyamba kufiira asanafike ku fakitale. Chowafiiritsa ndi puloteni yotchedwa polyphenol oxidase. Tsamba likaphwanyika, puloteniyi imagwirizana ndi mpweya n'kupanga theaflavin, amene amawalitsa tiyi m'kapu. Mu 1972, Hilton ndi Ellis a Tea Research Foundation ku Mulanje anasonyeza kuti mtengo wa tiyi wa kuno umayenderana ndi kuchuluka kwa theaflavin.

Mphamvu ya puloteni ili m'mapindidwe ake. Mu fakitale amaimasula dala ndi mpweya wotentha poumitsa tiyi, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Komatu kulemera kwake sikusintha. Yopindika bwino ndi yomasuka, pa sikelo n'chimodzimodzi.

Makina otchedwa mass spectrometer amayeza kulemera kwa tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo John Fenn analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa chopeza njira youlutsira mapuloteni m'makinawo osawaswa. Njira yotchedwa ion mobility inadzawonjezera chimene chinkasowa. Mapuloteni amakokedwa ndi magetsi m'kapaipi kodzaza mpweya wa nitrogen kapena helium. Taganizani amayi awiri akudutsa mumsika wa Luchenza anthu atathithikana, wina wasenza ndowa, wina mtolo wa nsungwi zazitali, katundu wolemera mofanana. Wa ndowa amatulukira msanga. Puloteni yomasuka imachedwa chomwecho, kugundagunda mpweya, ndipo kuchedwako, ngakhale sikukwana sekondi, kumaulula maumbidwe ake.

Ambiri ankakayika, ndipo sindiwadzudzula: puloteni yochotsedwa m'madzi ingasunge bwanji maumbidwe? Mu 2005, gulu la Carol Robinson ku Cambridge linasonyeza kuti puloteni ya TRAP, ya zigawo 11 zolumikizana mozungulira, imaulukabe ili yozungulira.

Sindikunena kuti tigule makinawa. Ndi odula zedi, amafuna magetsi osathimathima, ndipo alimi ang'onoang'ono angafunse kaye za mtengo wa masamba pa kilo. Koma ku Tea Research Foundation ku Mimosa kuli mitundu ya tiyi monga SFS 150 ndi PC 108, imene sikoma mofanana ngakhale itamera m'munda umodzi. Timasamba tosungidwa m'madzi oundana tingatumizidwe kwa anzathu amene makinawo ali nawo kale kuti akaone maumbidwe a mapuloteni ake, mwana wa ku Thyolo n'kupita nato limodzi kukaphunzira kuwayendetsa.