Nsanja ya netiweki si mboni yoona ndi maso

Tafika poti tikangomva kuti "foni yake yamugwiritsa," basi mlandu watha m'mitu mwathu. Pa Facebook chigamulo chimatuluka dzuwa lisanalowe. Ineyo ndikukana. Foni imathandiza apolisi, inde, koma kuitenga ngati mboni imene inaona munthu akuphedwa ndi ulesi, ndipo ulesi umenewu umaoletsa anthu m'ndende.

Taonani nkhani ya ku Baltimore, ku America. Pa 13 January 1999, mtsikana wa ku sekondale, Hae Min Lee, anasowa. Mtembo wake unapezeka pa 9 February m'nkhalango ya Leakin Park. Mu 2000 khoti linapeza chibwenzi chake chakale, Adnan Syed, wolakwa, n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Boma linadalira mboni imodzi yaikulu, ndipo chimene chinalimbitsa mawu a mboniyo chinali foni ya Syed. Madzulo a tsiku limene mtsikanayo anasowa, nthawi ya 7:09 ndi 7:16, foniyo inaimbiridwa kawiri kudzera pa nsanja yoyang'ana dera la nkhalangoyo.

Zikumveka zogwira mtima eti? Dikirani kaye. Kampani ya AT&T, potumiza mndandanda wa mafoniwo kwa apolisi, inalemba patsamba loyamba kuti mafoni otuluka okha ndiwo odalirika posonyeza malo, olowa ayi. Oweruza mlanduwo sanauzidwe za chenjezoli. Katswiri amene anaikira boma umboni, Abraham Waranowitz, analumbira mu 2015 kuti tsambalo sanamuonetse. Mu 2016 jaji Martin Welch analamula kuti mlandu uzengedwenso pa chifukwa chimenechi, koma makhoti aakulu anadzagwetsa lamulolo. Syed anatuluka mu 2022 atakhalamo zaka 23, kenako chigamulo choti ndi wolakwa chinabwezeretsedwa.

Nkhani yanga si yoti Syed anapha kapena sanaphe. Nkhani yanga ndi yoti tsamba limodzi losawerengedwa lasiya mabanja awiri akuzunzika ndi makhoti kwa zaka zoposa 20. A kwa Lee nawonso anayenera kulandira chilungamo chosagwedezeka.

Foni simalumikizana ndi nsanja yapafupi nthawi zonse. Imapita kumene netiweki ili yamphamvu, ndipo phiri, nyumba zitalizitali kapena kuchuluka kwa oimba zingaikankhire ku nsanja ina. Nsanja imodzi imatha kufikira makilomita angapo. M'dera lonselo muli msika, tchalitchi, mabawa ndi nyumba ya azakhali anu. Mu 2019 dziko la Denmark linatulukira zolakwika pa mmene apolisi ankasinthira zolemba za makampani a mafoni, ndipo linayamba kuunikanso milandu yoposa 10,000. Anthu 32 anatulutsidwa m'ndende. Denmark amenewo abale, osati dziko losowa akatswiri.

Ndiye kwathu kuno? Foni imodzi amagwiritsa ntchito anthu a nyumba yonse. Simu khadi inalembetsedwa pa chiphaso cha amalume koma ili m'thumba la mphwake. Foni yobedwa m'minibasi m'mawa imakhala itagulitsidwa pofika madzulo. Nsanja imaona simu khadi, siona dzanja limene laigwira.

Wina anena kuti, "Ndiye tiziwasiya achiwembu azingoyenda?" Ayi ndithu. Umboni wa foni ubwere kukhoti, koma uzifunsidwa mafunso ngati mboni ina iliyonse. Foniyo inali yolowa kapena yotuluka? Nsanjayo imafika mpaka pati? Ndani anaona foniyo ili m'manja mwa woimbidwa mlandu? Loya wake wapatsidwa mapepala onse, ndi tsamba loyamba lomwe? Wapolisi amene wangoima pa mndandanda wa mafoni sanamalize kufufuza, ndipo akamanga wolakwika, wakupha weniweni amakhala akudya nsima kwawo mwamtendere.

Choncho mukadzawerenga kuti foni yamugwiritsa munthu, musanalembe kuti "anyongedwe," funsani kaye kuti foniyo yasonyeza chiyani kwenikweni. Nanunso muli ndi ina m'manjamo, ndipo lero yadutsa pa nsanja zambiri zimene simukuzidziwa.