Chizungu cha pa Windo la Mankhwala Chitheretu

Mayi wa ku Chirimba amene walawira m'mamawa, naima pa mzere mpaka dzuwa kufika paliwombo, sayenera kubwerera kwawo ndi mapiritsi amene sakudziwa kamwedwe kake. Komatu alipo ena ogwira ntchito m'zipatala amene amangolemba "bd" kapena "tds" m'kabuku ka wodwala, namuponyera mankhwala pa windo, ndi kuitana wina. Amati mzere ngwautali. Inde, mizere ya ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa njaitali, koma wodwala amene sanamve adzabweranso mawa, nautalikitsa mzere womwewo.

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno sadziwa kuwerenga. Ngakhale mphunzitsi amene, "bd" angamudziwe bwanji? Ndi chidule cha Chilatini.

Chitsanzo ndi LA, mankhwala a malungo. Munthu wamkulu amalandira mapiritsi 24, oti amwe anayi nthawi imodzi, kawiri pa tsiku, masiku atatu, ndipo agwira bwino ntchito akamwedwa ndi chakudya cha mafuta. Wodwala amene sanauzidwe zimenezi amaleka kumwa thupi likangozizira, nasungira mwana otsalawo. Kumeneko sikupusa ayi, koma kusamala kwa munthu wosauka. Wolakwa ndi amene anadziwa nakhala chete. Dziko lino linasiya chloroquine mu 1993, ndi Fansidar mu 2007, chifukwa tizilombo ta malungo tinaleka kumva mankhwalawo, ndipo kumwa mopereweza ndi imodzi mwa njira zimene tizilomboto timazolowerera mankhwala. Kodi LA nayenso atayike chifukwa cha ulesi wa pakamwa?

Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa 1968 unakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko. Tsono namwino wophunzitsidwa ndi misonkho ya anthu, nachita manyazi kunena kuti "m'mawa ndi madzulo," akunyoza amene anamulipirira sukulu.

Chofunika sichilira ndalama. Wopereka mankhwala anene m'chiyankhulo chimene wodwala akumva, kenaka afunse mwaulemu kuti, "Amayi, tandiuzani, mukamwa bwanji kunyumba?" Yankho likakhota, abwerezenso. Akuluakulu a zipatala aziimako pa windo ndi kumvetsera okha, ndipo apampando a nthambi za Chipani afunse anthu awo pa misonkhano ngati anauzidwa kamwedwe ka mankhwala, natumize madandaulo ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre.