Barnaba, Munthu Wosataya Mnzake

Kawirikawiri tikamatama munthu kuti ndi wokhulupirika, timanena za iye amene amatsata mtsogoleri wake kulikonse ndi kuvomereza zonse zotuluka m'kamwa mwake. Koma amene awerenga mofatsa buku la Machitidwe a Atumwi adzapeza Barnaba, Mlevi wa ku chisumbu cha Kupro, amene kukhulupirika kwake kunaoneka poyera tsiku limene anakana zofuna za mnzake wotchuka.

Pamene Saulo wa ku Tariso, yemwe uja anavomereza kuphedwa kwa Stefano ndi kukokera okhulupirira m'ndende, anafika ku Yerusalemu atatembenuka mtima, ophunzira onse anamuopa, ndipo sitingawadzudzule, pakuti misozi ya amasiye inali isanaume. Barnaba ndiye anamtenga, napita naye kwa atumwi, namchitira umboni pa nthawi imene palibe wina analimba mtima kutero. Patapita zaka, mpingo wa ku Antiokeya utakula, anapita ku Tariso kukamfunafuna, ndipo anaphunzitsa naye limodzi chaka chathunthu. Njala itagwa m'masiku a Klaudiyo, amene analamula Roma kuyambira chaka cha 41 mpaka 54, awiriwa ndiwo anatumidwa ndi thandizo kwa abale a ku Yudeya. Pang'onopang'ono wophunzira anaposa womtsogolera, kotero kuti ngakhale anthu a ku Lustra anazindikira kuti wolankhula wamkulu ndi Saulo, amene ankatchedwanso Paulo, ndipo sitimva kuti Barnaba anang'ung'udzapo.

Mkangano unabuka chifukwa cha mnyamata. Yohane Marko anali atawasiya ku Perga, m'dziko la Pamfuliya, pa ulendo wawo woyamba wokalalikira, nabwerera kwawo ku Yerusalemu. Pokonzekera ulendo wachiwiri, Barnaba anafuna kumtenganso, Paulo anakana kwamtuwagalu, ndipo anapsetsana mtima mpaka kupatukana, Paulo kulowera ku Siriya ndi Kilikiya pamodzi ndi Sila, Barnaba kuwolokera ku Kupro ndi mnyamata wokanidwayo. Kuchokera pamenepo buku la Machitidwe silitchulanso dzina la Barnaba.

Ena amati anangokondera magazi, popeza Marko anali msuweni wake, ndipo sindikana kuti ubale uli ndi mphamvu. Koma kodi Saulo anali mbale wake wanji pamene anamuimira ku Yerusalemu? Chimene anachitira wozunza mpingo ndi chomwecho anachitira wothawa ntchito, ndipo chondidabwitsa n'chakuti Paulo, amene anapindula ndi chifundo chimenechi poyamba, anachimana wina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kwa Barnaba kunabala zipatso, pakuti m'kalata yachiwiri kwa Timoteo, Paulo yemweyo, ali m'maunyolo, akupempha kuti amtengere Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Ndipo mwambo wakale wa mpingo umati Marko ameneyu ndiye analemba Uthenga Wabwino wodziwika ndi dzina lake.

Barnaba sanali wangwiro ayi. Kalata ya kwa Agalatiya imatiuza kuti iyenso anatengeka pamodzi ndi Petro, naleka kudyera pamodzi ndi Akhristu a mitundu ina ku Antiokeya poopa alendo ochokera kwa Yakobo. Mtima wofewa nthawi zina umaopa kukhumudwitsa ngakhale amene ayenera kudzudzulidwa.

Komabe pa mlandu wa Marko ine ndiima ndi Barnaba. M'mipingo mwathu, mnyamata kapena mtsikana akadulidwa chifukwa cha kulakwa, timadziwa bwino kumuika pa mpando wa kumbuyo, koma ndi ochepa amene amapita kwawo kukamchezera. Ndipo tsiku lobwezedwa likafika, ambiri amakhala atasochera kale. Inu akulu a mpingo, azibusa ndi amayi a chigwirizano, mukatha kuweruza mlandu wotere, musabalalike musanasankhe mmodzi wa inu woti aziyenda naye wolakwayo mpaka adzabwerere ku Mgonero.