Goloboyi tisankhe ndi kope

Anzanga, amayi athu akathyola tiyi ku esiteti, dengu limapita pa sikelo ndipo makilo amalembedwa. Palibe zoyang'ana nkhope. Nanga bwanji ife posankha goloboyi wa timu ya sukulu timangomvera amene akukuwa kwambiri?

Ku America, pa masewera a baseball, adaiganiza kalekale nkhaniyi. Mtolankhani Henry Chadwick ankalemba manambala a osewera m'zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1912 National League idayamba kuwerengera ERA. Nambalayi imayeza woponya mpira, koma mapointi amene adani apeza chifukwa mnzake walakwitsa samuwerengera iye. Ine pamenepa ndi pomwe pamandisangalatsa.

Kuno difenda akagona, wotukwanidwa ndi goloboyi. Taganizani: wina amumenyera mashoti 12, wagwira 9, atatu alowa. Wina mashoti awiri okha, limodzi lalowa. Tonse timati wachiwiriyu ndi dolo. Bodza limenelo! Woyamba uja wagwira 75 peresenti, mnzakeyo 50 basi.

Aphunzitsi a zamasewera, chonde, pa masewero otsatira mutilole mmodzi wa ife akhale kuseri kwa golo ndi kope ndi bolopeni. Akasowa munthu, ine ndilipo.