Aphunzitsi aakulu, tsegulani kabati ya mabuku

Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Walira mvula walira matope: mpaka lero si zachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1, ena ali pansi pa mtengo. Mphunzitsi wamkulu wongodikira kuti zonse zichokere ku Capital Hill adzapuma pa ntchito akudikirabe.

Inu aphunzitsi aakulu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nzeru ya TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, si yachilendo kwa inu. Zitsekerero za mabotolo, dongo loumbira zilembo, katoni yakale yolembapo mawu, zonsezi sizilira ndalama. Mwana amene waika timitengo m'mitolo ya khumikhumi, n'kumasula mtolo umodzi ndi manja ake, amamvetsa msanga kubwereka pa masamu ochotsera kuposa mnzake wongoloweza.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si kusowa kwa zipangizo. Mphunzitsi wachinyamata wangochoka ku koleji, wabwera ndi ganizo loti ana odziwa kuwerenga azithandiza anzawo m'magulu. Yankho lake n'lakuti, "Kuno sititero." Mawa sadzalankhulanso, ndipo mudzati ndi waulesi. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Mlekeni ayese teremu imodzi, kenako mukaone limodzi makope a ana. Zikakanika musamunyoze pamaso pa anzake.

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Njala ya 2002 itamuchotsa ku sekondale chifukwa chosowa fizi, ankapita ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale. M'menemo anapeza buku la Using Energy, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo otulutsa magetsi, pogwiritsa ntchito njinga yakutha, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu. Alipo amene anamulola kubwereka bukulo ngakhale sanali m'kalasi. Nanga mabuku anu ali kuti? M'sukulu zina ali m'kabati yokiya, akudyedwa ndi chiswe, poopa kuti ana ang'amba.

Lolemba likubwerali tsegulani kabatiyo. Itanani aphunzitsi, a komiti ya sukulu ndi gulu la amayi, muwafunse zimene akufuna kuyesa teremu ino, ndipo wamng'ono pa onse ayambe ndiye kulankhula.