Khoti la ku Joni silinanene kuti mlendo aliyense azilandira giranti

Uthenga wina wazungulira mokwanira m'magulu a WhatsApp a Amalawi okhala ku Joni, ndipo tsopano wafika kwa achibale otsala kumudzi ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay. Umati khoti lalikulu la ku South Africa linagamula kalekale kuti aliyense wokhala m'dzikomo, kaya ali ndi mapepala kaya alibe, azilandira giranti, kungoti a SASSA, bungwe la boma lolipira magiranti, amabisa dala. Ena amathirako mchere kuti mwana akangobadwira m'chipatala cha kumeneko, mayi ake amayamba kulandira mwezi womwewo. Kumapeto kwake sikulephera kupezeka nambala ya foni ya munthu amene akuti amathandiza kulembetsa, bola mumupatse kangachepe.

Ili ndi bodza. Likuyenda msanga chifukwa mlandu umene likutchula unachitikadi, ndipo alendo anapambanadi. Chimene ofalitsawo sanena n'chakuti anali alendo ake ati, nanga chimene khoti linawapatsa n'chiyani.

Mlanduwo umadziwika ndi dzina la Khosa. Anaupititsa kukhoti ndi anthu ochokera ku Mozambique, ambiri mwa iwo othawa nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1980, nkhondo yomwe ija inadzaza anthu ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu kuno kwathu. Iwowa analowera ku South Africa n'kukhazikika m'dera lomwe panthawiyo linkatchedwa Gazankulu, lomwe lero lili m'chigawo cha Limpopo. Boma la South Africa linawapatsa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chija anthu amangochitcha PR. Ena anakalambira komweko ali osauka, ena ankalera ana movutikira. Atafuna thandizo la boma anabwezedwa, chifukwa lamulo la Social Assistance Act la 1992 linkati wolandira akhale nzika ya South Africa basi.

Pa 4 Malichi 2004, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mowakomera, ndipo amene analemba chigamulocho ndi Jaji Yvonne Mokgoro. Mfundo yake inachokera m'malamulo oyendetsera dzikolo a 1996. Gawo 27 limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha boma akalephera kudzisamalira yekha ndi omudalira, pamene gawo lonena za kuponya voti limatchula nzika zokha. Olemba malamulowo, ndiye kuti, ankadziwa pomwe akufuna nzika yokha ndi pomwe akufuna anthu oposa pamenepo. Munthu wa PR amakhoma msonkho, amamvera malamulo omwewo, ndipo dzikolo analisandutsa kwawo. Boma litadandaula za ndalama, khoti linaona ziwerengero zomwe bomalo linabweretsa n'kupeza kuti kuwonjezera anthu amenewa sikungakweze ndalama zonse za magiranti ndi 2 peresenti yomwe.

Tsono taonani chimene khotilo linachita, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Silinalembe lamulo latsopano. Silinatchule kuti wokalamba azilandira marandi angati. Linatenga chiganizo cha m'lamulo lija, pamene panalembedwa kuti "nzika ya South Africa", n'kuwonjezerapo mawu owerengeka otchula munthu wa chilolezo chokhazikika. Zina zonse zinatsala mmene nyumba ya malamulo inaziikira: zaka zoyenera, kuunika zomwe munthu amapeza pamwezi ndi katundu amene ali naye, ndi kukhala m'dzikomo. Ndipo chigamulo chomwecho chinanena poyera kuti zikhoza kukhala zomveka boma kusiya kunja alendo odzacheza, odzagwira ntchito kwa kanthawi, ndi amene akukhala m'dzikomo popanda chilolezo, popeza ubale wawo ndi dzikolo ndi wosalimba. Wofalitsa uthenga uja akanawerenga ndime imeneyi, bwenzi atachita manyazi.

Ngakhale pang'ono pomwepo majaji sanagwirizane onse. Jaji Sandile Ngcobo, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa majaji, anatsutsa. Iye anaona kuti boma lili ndi chifukwa chomveka chosungira giranti ya okalamba nzika zake, popeza munthu wa PR ali ndi mwayi wopempha unzika. Anagonja pa chiwerengero, koma kutsutsa kwake kukusonyeza kuti chitsekocho chinatseguka movutikira, ndipo chinatsegukira anthu ochepa.

Tisanamizane. Ambiri mwa abale athu amene amakwera basi kudutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kukafika pa Beitbridge, amalowa ndi chidindo cha masiku 30 m'pasipoti. Masikuwo akatha, munthu amangopitiriza ganyu wake wa m'munda wa maluwa kapena wa m'shopu uku akuzemba apolisi. Mlandu wa Khosa sunakambe za munthu ameneyu, kupatula kunena kuti boma likhoza kumusiya. Amene unawakhudza ndi matchona ena akale, monga aja anakhalitsa kumigodi kapena amene anapeza PR pa chikhululukiro chomwe South Africa inapereka mu 1996 kwa nzika za maiko a SADC zomwe zinali zitakhala kale m'dzikomo zaka zingapo. Amenewo alipo, ndipo akayenera amalandira mwaufulu wawo.

Funso limene owerenga ena angafunse ndi lomveka: ngati gawo 27 likuti aliyense, bwanji majaji osangolamula kuti aliyense alandire? Yankho lili m'ndime yotsatira ya gawo lomwelo. Imati boma lichite zinthu zomveka, malinga ndi chuma chomwe lili nacho, kuti ufuluwo uzikwaniritsidwa pang'onopang'ono. Ntchito ya jaji ndi kufunsa ngati zomwe boma lachita zili zomveka. Kugawa thumba la boma si kwake.

Malire amenewa sanayambire pa alendo. Anayambira pa eni nthaka, ndipo anawawa. Mu 1997 bambo wina wa ku Durban wodwala impso, a Soobramoney, anapempha khoti kuti lilamule chipatala cha boma cha Addington kuti chiziwaika pa makina osefa magazi. Makina anali ochepa, odwala ambiri, ndipo madokotala anali ndi ndondomeko yosankhira amene angapindule kwambiri. Khoti linakana kulowerera, ndipo bambowo anamwalira patangopita masiku ochepa. Mu 2000 mayi Irene Grootboom ndi anzawo a ku Wallacedene, kufupi ndi Cape Town, anapambana mlandu wotchuka wa nyumba. Khoti linapeza kuti ndondomeko ya boma inaiwala anthu osoweratu pogona, koma silinagawire munthu aliyense nyumba. Mayi Grootboom anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa cha malata.

Mlandu umene umaonetsa bwino kwambiri pomwe majaji amaima ndi wa madzi, wa Mazibuko. Anthu a ku Phiri, ku Soweto, anadandaula kuti madzi aulere omwe khonsolo ya Johannesburg inkapereka anali osakwanira. Khonsoloyo inkapereka malita 6,000 pamwezi pa poloti iliyonse. Mukagawa, ndi malita 200 patsiku, ndiye kuti diramu imodzi, kapena zigubu khumi za malita 20. Pa banja la anthu asanu ndi atatu, aliyense amagwera malita 25 oti amwe, aphikire, asambe, achapire ndi kuthira kuchimbudzi. Komatu ku Soweto poloti imodzi imatha kukhala ndi tinyumba ta alendi kuseri, onsewo mpopi wake umodzi womwewo, ndipo madzi aulere akatha mita yolipiriratu imangotseka. Jaji wa khoti loyamba mu 2008 anati munthu amafunika malita 50 patsiku. Khoti la apilo linati 42. Nkhani itafika pamwamba penipeni mu Okutobala 2009, Jaji Kate O'Regan ndi anzake anafafaniza manambala onse awiriwo. Anati si malo a khoti kutchula kuchuluka kwa madzi. Imeneyo ndi ntchito ya boma ndi aphungu, amene amaona bajeti yonse ndipo amayankha kwa ovota. Khoti lingofunsa ngati boma lafotokoza zifukwa zake, ngati silinaiwale ovutikitsitsa, ndiponso ngati limabwerera kukakonza ndondomeko yake ikapezeka ndi zilema.

Ife sitinena kuti chigamulo chimenechi chinali chokoma. Akadaulo ambiri a zamalamulo anachidzudzula, ndipo aliyense amene anagawanapo chigubu chimodzi ndi ana anayi akhoza kumvetsa mkwiyo wawo. Komabe chifukwa chake chili ndi mutu. Jaji amaona wodandaula amene waima pamaso pake. Saona wodwala wa ku Mthatha amene mankhwala ake angachepe ndalama zikasamutsidwa. Ndipo ngati khoti linakana kutchula malita a madzi a nzika yobadwira ku Soweto, tiziganiza bwanji kuti linalamula marandi a mwezi ndi mwezi kwa mnyamata wa ku Makanjira amene wapyoletsa masiku a m'pasipoti?

Pomwe majaji akumeneko amalimbadi mtima ndi pamene lamulo latchula kale munthu koma boma likuzengereza. Mu Malichi 2017, anthu pafupifupi 17 miliyoni anatsala pang'ono kusalandira chifukwa SASSA sinakonze njira yolipirira m'malo mwa kontirakiti yomwe khoti linali litaipeza kale kuti ndi yosatsata malamulo. Bungwe la Black Sash litadandaula, khoti linalamula kuti malipiro asaime, linayamba kulondoloza ntchitoyo, ndipo mu 2018 linalamula nduna yomwe inkayang'anira SASSA pa nthawi ya vutolo, Bathabile Dlamini, kuti ilipire gawo la ndalama za mlandu kuchokera m'thumba mwake. Apa khoti silinawonjezere wolandira ngakhale mmodzi. Linangoonetsetsa kuti amene ali kale m'kaundula alandire.

Pali chigamulo china chomwe chimasokoneza anthu. Nthawi ya Covid-19, mu Juni 2020, bungwe la Scalabrini la ku Cape Town linapambana kukhoti la ku Pretoria kuti giranti yapadera ya R350 ifikirenso amene akudikira yankho la asayilamu ndi amene ali ndi zilolezo zapadera za anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Malawi mulibe m'gulu la maiko amenewo. Asayilamu nayo ndi ya munthu wothawa nkhondo kapena chizunzo. Njala ndi ulova sizili m'lamulo lake. Ndipo chigamulocho chinali cha giranti imodzi yokhayo, osati ya okalamba kapena ya ana.

Za mwana wobadwira ku Joni n'zachidule. Kubadwira m'dzikomo pakokha sikupatsa mwana unzika ngati makolo onse awiri ndi alendo, ndipo giranti ya mwana imafuna kuti womulerayo akhale nzika, wa PR, kapena wothawa kwawo wovomerezeka ndi boma. Kalaliki wa SASSA sachita kufunsa zambiri. Chitupa cha ku South Africa chili ndi manambala 13. Asanu ndi limodzi oyamba ndi tsiku lobadwa, ndipo nambala ya 11 imakhala 0 ngati munthu ndi nzika, 1 ngati ndi wa PR. Zonsezi zimayerekezedwa ndi kaundula wa ku Home Affairs. Dobadoba amene akukulonjezani giranti mulibe nambala yotere ali ndi njira ziwiri zokha: kudya ndalama zanu n'kuzimitsa foni, kapena kukulembetsani ndi chitupa chabodza. Yachiwiriyo ndi mlandu wachinyengo, ndipo mathero ake amakhala kundende kenako ku Lindela, kosungirako alendo oti abwezedwe kwawo, kukadikira basi yobwerera.

Bodzali lili ndi msampha wina umene ofalitsa saona. Ndi nkhani yomweyomweyo imene magulu odana ndi alendo amanena, kuti majaji akugawa msonkho wa eni dziko kwa obwera. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zolimbana ndi alendo, ndipo mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu othawa ziwawa za ku Durban. Mmalawi akamadzitama pa Facebook kuti khoti linati tonse tizilandira, akusonkhezera moto umene udzayambire pachisakasa chake chomwe.

Izi sizikutanthauza kuti wopanda mapepala alibe chomuteteza. Gawo 27 lomwelo limaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo chamwadzidzidzi kuchipatala, ndipo ndime imeneyo ilibe mawu aja akuti malinga ndi chuma chomwe chilipo. Ufulu wa maphunziro oyambirira nawonso ulibe mawu amenewo, n'chifukwa chake mu Disembala 2019 khoti la ku Makhanda linagamula kuti ana opanda zikalata asachotsedwe sukulu. Khoti la zantchito linagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo amene chilolezo chake cha ntchito chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito, akachotsedwa mopanda chilungamo. Mu Novembala 2020, pa mlandu wa Mahlangu, antchito a m'nyumba anaikidwa m'lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito, lomwe kale linkawasala. Izi ndiye zoyenera kuzungulira m'magulu athu a WhatsApp, chifukwa zimakhudza alongo athu ochapa ndi kulera ana m'nyumba za ku Sandton ndi Durbanville.

Choncho, ngati muli ndi PR, mwakwanitsa zaka 60 ndipo zomwe mumapeza n'zochepa, pitani nokha ku ofesi ya SASSA ndi chitupa chanu. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo mukakanidwa muli ndi ufulu wochita apilo. Ngati simukudziwa pomwe mwaima, mabungwe ngati Black Sash, Scalabrini ndi Lawyers for Human Rights amapereka uphungu osalipiritsa. Koma ngati chomwe muli nacho ndi pasipoti ya chidindo chotha, musapatse munthu aliyense ngakhale randi imodzi, ndipo uthenga umenewu ukakupezani musautumize kwa wina.